Tsiku Limene Amayi Anatuluka M'kalasi

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene boma linabwera kudzayendera sukulu yathu, sukulu ya mphunzitsi mmodzi ndi mwana mmodzi, yomwe inali m'khitchini mwathu ku Springburn mumzinda wa Glasgow, m'fulati ya pamwamba penipeni. Mphunzitsiyo anali amayi anga. Mwanayo ndinali ine, Takondwa, ndipo pa mayeso aliwonse ndinkakhala nambala wani, komanso womaliza.

Amayi anaphunzitsapo pulayimale ku Dedza zaka zambiri tisanasamukire ku Glasgow, kumene bambo anapeza ntchito ya makompyuta. Poyamba ndinkapita kusukulu ya boma ngati ana ena onse, koma ndinafika zaka zisanu ndi zitatu ndisanadziwe kuwerenga bwinobwino. Ndinkakhala kumbuyo phee, osavuta munthu, ndipo mwana wosavuta aphunzitsi samuona msanga. Chinsinsi changa chinaululika pa mapemphero a m'banja, amayi atandipatsa Baibulo kuti ndiwerenge vesi. Ndinalakatula bwinobwino zimene ndinaloweza ku Sande sukulu, koma chala changa chili pa vesi lina. Amayi anayang'ana chalacho, kenako anayang'ana bambo.

Sabata yomweyo analembera kalata khonsolo. Kuno ku Scotland lamulo limalola kholo kuphunzitsa mwana wake kunyumba, koma ngati mwanayo anayamba kale pasukulu ya boma, pamafunika chilolezo kuti umuchotse. Amayi ankanena kuti mwana anawapatsa ndi Mulungu, osati khonsolo, komabe kalatayo anailemba ndi dzanja lawo lokongola lija, ndipo chilolezo chinabwera.

Musaganize kuti ndinapeza mpumulo. Chitseko cha kabati anachipaka penti yakuda n'kukhala bolodi. Yunifolomu ya buluu anandisokera okha. Eyiti koloko ikakwana ankamenya chivundikiro cha poto ndi supuni, ine n'kuima pafupi ndi firiji, tiyimbe nyimbo, tipemphere, kenako aitane dzina langa m'rejisitala ngati kuti angandisowe. Kuchedwa unali mlandu, ngakhale ulendo wake unali wochokera kuchipinda kufika kukhitchini. Masamu tinkaphunzira poyeza nsalu ndi ufa. Lachisanu tinkakwera basi kupita kulaibulale, ine ndikuwerenga mokweza chikwangwani chilichonse chimene tadutsa, mpaka agogo ena a m'basimo anazolowera kundithandiza mawu ovuta. Kuwerenga kwenikweni ndinakudziwira pa nkhani ya Yosefe, chifukwa amayi ankasiyira dala pokoma, n'kutseka Baibulo, n'kunena kuti wofuna kudziwa zimene zinachitika m'dzenjemo awerenge yekha. Chaka chisanathe ndinkawerenga chilichonse, ngakhale makalata a bambo amene sanali anga. Ndinkaikonda sukulu imeneyo, ndipo mpaka lero fungo la choko limandikumbutsa anyezi wokazinga.

Chaka chitatha kunabwera kalata yoti wogwira ntchito wa khonsolo akufuna kuona mmene maphunziro anga akuyendera. Kalatayo inati tikhoza kukumana kwina kulikonse kapena kungotumiza lipoti, koma amayi anati mlendo sumulandirira pamsewu ngati ulibe nyumba. Nkhani inali poyera: munthuyo akapanda kukhutira, khonsolo ikanatha kulamula kuti ndibwerere kusukulu ya boma, sukulu ya amayi n'kutsekedwa. Kutchalitchi anthu anawonjezera moto. Wina anati anthu amenewa safuna kumva za Baibulo, wina anati malamulo asintha posachedwa ndipo makolo sadzakhalanso ndi mawu pa ana awo. Amayi anabwerako nkhope ili gwa.

Ndiye anakonzekera mmene ankakonzekerera ku Dedza kukamabwera oyendera sukulu. Anakolopa mpaka kuseri kwa firiji. Kwa masabata awiri ndinaloweza Salimo 23 m'Chichewa ndi m'Chingerezi, matebulo a kuchulukitsa mpaka twelofu, mitsinje ya Scotland, ndi mayankho a mafunso onse amene amayi ankaganiza kuti angafunsidwe. Koposa zonse anandiphunzitsa ulemu: popereka tiyi ndigwade, wamkulu ndisamuyang'ane m'maso, ndisayankhe ndisanaloledwe, ndipo ndisachulutse zonena. Ankati mlendoyo asakanene kuti muno tikuweta mbuzi.

Tsikulo kunali kamvula kowaza kaja kosatha. Bambo anapempha tchuthi kuntchito n'kuvala suti ya pa Mgonero. Mlendo wathu anali Mayi Docherty, mzimayi wamfupi wa imvi, amene anafika pakhomo ali wefuwefu chifukwa cha masitepe, jekete ili chonyowa. Amayi anawakhazika m'kalasi mwathu, moyang'anana ndi bolodi, ndipo mlendoyo anayamikira mabuku anga amene amayi anawayala patebulo.

Kenako ndinalowa ine ndi thireyi ya tiyi ndi mandasi. Ndinagwada pansi monga tinayeserera, maso pansi, n'kupereka kapu ndi manja awiri. Mayi Docherty ananyamuka pang'ono pampando n'kufunsa ngati ndapweteka. Amayi anamwetulira monyadira n'kuwauza kuti ayi, ndi mmene timachitira. Mlendoyo atandifunsa buku limene ndimalikonda, ndinayang'ana kaye amayi, amayi anagwedeza mutu, ine ndinaimirira chilili ngati msilikali n'kuthira Salimo lonse osapuma. Atandifunsa ngati ndili ndi anzanga, ndinayang'ananso amayi, kenako ndinauza matailosi a pansi kuti ndili ndi anzanga ambiri kutchalitchi, zikomo. Nditatha ndinabwerera pogwada paja. Funso lililonse linkayenda choncho, ndipo ine ndinkaona kuti ndikukhoza kwambiri. Sindinaone kuti kumwetulira kwa mlendo kwatha, ndipo cholembera chake chikuthamanga.

Amene anaona ndi bambo, poti iwo ankakhala ndi anthu a kuno tsiku lonse kuntchito. Anatsokomola, n'kulankhula chapansipansi m'Chichewa.

"Amake Takondwa, mayiwa akuona ngati mwanayu amatiopa."

Amayi anatembenuka mwaukali, ndipo ndinadziwa kuti yankho lafika kale pamilomo. Koma asanalitulutse anandiyang'ana ine, kamwana kogwada pafupi ndi chitofu, kodikira chilolezo choti kapume. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Sindikudziwa chimene anaona, koma ndikuganiza kuti kwa kanthawi kochepa anabwereka maso a mlendo uja. Anaimirira n'kukonza chitenje chawo.

"Tako, dzuka ukhale pampando. Uwayang'ane kumaso. Zoloweza zija uzisiye, uwauze zoona zokhazokha, ngakhale zikhale zondinena ine."

Anauza Mayi Docherty kuti akhoza kucheza nane pandekha mmene angafunire, anakoka bambo pamkono wa suti, n'kutseka chitseko. Chiyambire sukulu yathu, amayi anali asanatulukepo m'kalasi nthawi ya phunziro.

Mvula inkagogoda pawindo. Mayi Docherty anaika cholembera pansi, analuma ndasi, n'kufunsa kuti kope lofiira limene linali pamwamba pa firiji linali la chiyani. Limenelo amayi sanaliyale patebulo, chifukwa munali nkhani zanga zopeka. Ndinawawerengera ya Yosefe wa ku Springburn, amene abale ake anamutsekera m'kanyumba ka mabini a zinyalala n'kumukweza basi yopita ku Gorbals, dera lina la Glasgow, komwe anadzakhala nduna yosunga tchipisi cha mzinda wonse. Chingerezi cha ulemu chija chinathawa, kunatuluka chenicheni cha m'misewu ya Glasgow. Mayiwo anaseka mpaka anavula magalasi. Anandifunsa chifukwa chimene Yosefe anakhululukira abale ake, ndipo tinatsutsana pang'ono, ine ndikuumirira kuti akanayenera kuwasiya kaye m'kanyumba kaja tsiku limodzi.

Kenako anandifunsa ngati pali chimene ndimachisowa cha kusukulu yakale. Yankho loloweza linalipo, koma amayi anati zoona zokhazokha. Ndinawauza za Kirsty, mnzanga wa m'kalasi yakale, amene ndinali ndisanasewere naye chichokereni. Ndinawauza kuti nthawi ya buleki ndimadya sikono yanga ndekha pawindo, ndipo ana akamaweruka ndimawawerenga akudutsa pansipo, nthawi zina ndikulira. Atandifunsa ngati ndikufuna kubwerera, ndinati ayi, chifukwa muno ndi mmene ndinadziwira kuwerenga ndipo amayi amaphunzitsa bwino kuposa aliyense, koma ndikanakonda mukanakhala ana ena. Anatenga cholembera n'kulemba zonsezo. Poona akulemba, ndinamva ngati ndawagulitsa amayi anga.

Mlendo atapita, amayi anayamba kutsuka makapu. Chitseko cha khitchini yathu chinali chopyapyala, moti anamva zonse. Ndinapita pafupi n'kupepesa, misozi ili m'maso.

"Bwanji sunandiuze kuti umalira pawindo?" anandifunsa.

"Simunandifunse."

Bambo anayamba kuyang'anitsitsa kudenga ngati kwalembedwa nkhani. Amayi anapukuta m'manja, n'kukhala pa kampando kanga ka mwana wa sukulu, mawondo ali m'mwamba.

"Zoona," anatero. "Chaka chonse ndakufunsa mitsinje ndi matebulo, koma zimenezo sindinakufunse."

Kalata ya khonsolo inabwera patapita masabata angapo. Inati akhutira ndi maphunziro anga ndipo tipitirize, koma ndizipeza mpata wocheza ndi ana ena. Amayi anaiwerenga mokweza kawiri, anavina pang'ono pakati pa firiji ndi chitofu, kenako anati khonsolo yachedwa nawo malangizo akewo. Sankanama. Mawa lake la tsiku la mlendo lija anali atapita kale kukagogoda kwa amake Kirsty ndi mbale ya mandasi, ndipo ubwenzi umene unayambira pamenepo ulipobe mpaka lero. Anandilembetsa kophunzira kusambira. Anapeza mabanja ena awiri cha ku Hillhead amene ankaphunzitsanso ana kunyumba, ndipo Lachitatu lililonse tinkaphunzira pamodzi, ana asanu, phokoso lokhalokha, ine n'kusiya kukhala nambala wani.

Pa ndandanda ya maphunziro anawonjezapo phunziro latsopano, Lachisanu tisanapite kulaibulale, ndipo analilemba ndi choko kuti Nthawi ya Takondwa. Kwa mphindi makumi awiri ine ndinkalankhula, iwo n'kumamvetsera. Kwa munthu ngati amayi chimenechi chinali chilango, moti nthawi zina ankachita kugwira pakamwa ndi dzanja kuti asandidule. Kugwada sindinasiye, ndipo mpaka lero ndimagwada popereka madzi kwa akuluakulu, koma ndinaphunzira kuti ukhoza kugwada uli ndi mawu ako.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo nkhani ya sukulu za kunyumba imabwerabwera pa gulu la pafoni la kutchalitchi kwathu. Ena amaopa kuti tsiku lina boma lidzakhwimitsa malamulo, lidzafuna kulowa m'nyumba iliyonse, lidzatiuza zoti tiphunzitse ndi zoti tisiye. Mantha amenewo sindiwaseka. Ufulu umene amayi anali nawo ndi umene unandipatsa kuwerenga ndi chikhulupiriro changa, ndipo ndingadandaule kwambiri utachotsedwa. Kumene malamulo adzalowere sindikudziwa. Koma ndikamva munthu akunena kuti mwana ndi wanga, palibe wondifunsa, ndimakumbukira chitseko chija.

Chaka chatha ndinawafunsa amayi ngati sankaopa ali kuseri kwake. Anaseka n'kunena kuti ankanjenjemera mpaka bambo anawagwira dzanja, chifukwa ankadziwa kuti mawu anga ochepa akanatha kutseka sukulu yawo. Koma anati kholo likamaopa kusiya mwana wake kuti alankhule yekha ndi mlendo, vuto silikhala kwa mlendoyo.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti sukulu yathu inapulumuka chifukwa cha Yosefe wa m'kope lofiira. Lero ndimadziwa kuti inapulumuka chifukwa cha mphunzitsi amene anali ndi ufulu wonse wokhala m'kalasi mwake, koma anatuluka, n'kukaima kuseri kwa chitseko akunjenjemera kuti mwana wake anene zoona.