Bwanamkubwa wa Bambo Anga

Fakitale ya nsalu itatsekedwa ku Chegutu, bambo anga anadzilemba okha ntchito yotsatira pa wailesi bwanamkubwa wa chigawo china cha ku Afghanistan. Ndikulumbira, ankamudziwa kuposa ife ana awo. Bwanamkubwayo akayanjana ndi akuluakulu a mafuko amene dzulo lake ankafuna kumudula khosi, bambo ankadya sadza, nsima ya kuno, mbale ziwiri. Tsiku limene anamuchotsa paudindo koyamba, ngakhale nkhuku zathu sizinaikire. Kafunseni aliyense kwathu ku Pfupajena.

"Inu abambo ake," amayi ankatero, "kansala wa pano simukumudziwa, koma mukuwondera wa kumapiri?"

"Wa pano ndingamusankhe bwanji?" ankayankha. Anabadwira pafamu kufupi ndi Kadoma, koma chitupa chawo chinkati ndi mlendo, poti agogo anachokera ku Malawi. Kukakonzetsa ankaopa. Ankati akangolowa muofesimo adzawakweza basi yopita kudziko limene sanaliwonepo.

Kenako boma la kumeneko linagwa, ndipo wailesi inati bwanamkubwa uja wathawira kudziko loyandikana nalo.

"Munthu wolamula chigawo chathunthu," anatero bambo, "lero nayenso amulemba mlendo. Ana ake adzakalamba ngati ine."

M'mawa mwake anavala jekete la kutchalitchi, anaika chitupa m'thumba, nandiuza kuti ndiwaperekeze kuofesi ya zitupa ku Kadoma. M'minibasi anagwiragwira thumba la chitupalo mpaka jekete linabooka. Apanso sindikunama.