Tsiku limene Enelesi anagoneka mlamu wake pamphasa

Ndinamva kuchigayo ku Chiringa kuti Enelesi, neba wangayu, analumbira kuti tsiku lina adzagoneka mlamu wake Aliness pansi anthu akuona. Kaya n'zoona kaya, koma chifukwa ali nacho.

Mwana wake atamwalira, Enelesi anatha zaka ziwiri ali chigonere, thupi lofooka, mtima wosafuna kanthu. Aliness ndiye ankalengeza pamjigo kuti ameneyo sakudwala, ndi ulesi basi. Namwino wina anamuphunzitsa Enelesi yoga, zodziwongola ndi kupuma mwadongosolo zija, ndipo pang'onopang'ono anadzuka, mwanawe. Lero amaphunzitsa amayi anzake pamphasa, pabwalo pake m'mbali mwa msewu.

Ndiye Lachiwiri ndinamva Aliness kuseri kwa mpanda, akudandaula za msana ndi kusowa tulo.

"Mubwere mawa m'mawa, alamu," anatero Enelesi mokoma.

Kutacha, anthu akudutsa ndi makasu, Enelesi anamugoneka Aliness chagada kutsogolo kwenikweni.

"Tsekani maso. Osagwedezeka."

A Goliati ogulitsa chinangwa anaimitsa njinga. "Mayi Aliness, mwagona dzuwa lino? Kumunda akukulimirani ndani?"

Aliness anafuna kudzuka. Enelesi anamugwira phewa.

"Gonani, alamu. Auzeni nokha kuti si ulesi, ndi mankhwala."