Alamu Yolira Masana Okha

Ndinadandaula koyamba Lachiwiri, m'sabata yachiwiri ya Okutobala. Kachiwiri linali Lolemba lomaliza la mwezi womwewo. Kachitatu munali mu Novembala, mvula isanagwe, ndipo ulendo umenewo ndinapita ndekha ku Boma kukapereka kalata pamanja, n'kuima pawindo mpaka kalaliki ataidinda. Makope a makalata onse atatu ali m'fayilo yanga yobiriwira. Yankho lolembedwa sindinalandirepo.

Ndine mphunzitsi wopuma. Ndinabwera kuno kumwera kwa Mzimba kuchokera ku Kasungu ndili ndi tsitsi lakuda, ndinakwatira konkuno, ndipo nditasiya choko anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya chipatala chathu chaching'ono. Anthu amati anandisankha chifukwa sinditaya pepala. Sakunama.

M'chipinda chakumadzulo cha chipatalacho muli firiji ya katemera yoyendera sola. Pakhoma pambali pake anamangapo kabokosi kotuwa, kokhala ndi kagalasi kosonyeza manambala, getsi lofiira ndi kabelu. Ntchito yake ndi kulondera kutentha. Katemera amafuna kuzizira kwa madigiri awiri mpaka asanu ndi atatu. Zikapitirira, kabokosiko kamalira, komanso kamatumiza kokha uthenga pa foni ya akuluakulu ku Boma. Kanakhala chete nthawi yaitali. Chaka chimenecho, dzuwa litayamba kuwawa, kanayamba kulira pafupifupi tsiku lililonse.

Namwino wathu ndi mayi wochokera ku Dedza, wosalankhulalankhula, amene anaphunzira Chitumbuka chokwanira kukalipira azibambo osaperekeza akazi awo kusikelo. Alamu ikalira ankasiya zimene akuchita, kuthamangira ku firiji, kuyang'ana choyezera chimene chimakhala m'kati mwake, n'kupeza zonse zili bwino. Ankadina batani lozimitsa kabelu n'kubwerera kwa odwala. M'mawa ndi madzulo ankalemba manambala patchati chomata pachitseko, ndipo palibe tsiku limene anaphonya.

Koma ku Boma ankaona mauthenga okha. Anamulembera kalata yochenjeza, yonena kuti amatsegulatsegula firiji mosasamala, mwinanso amasungamo zakumwa zake, ndipo zikapitirira achotsedwa pano. Anandionetsa kalatayo titakhala pabenchi panja.

"Abambo, ine zaka zonsezi sindinaikemo ngakhale botolo la madzi," anatero. "Ana anga amamwa madzi ofunda kunyumba uko. Nanga ndilakwa chiyani?"

Ndinakwiya kwambiri. Kalata ngati imeneyo imalowa m'fayilo ya munthu n'kumamutsatira kulikonse. Ndipo asanabwere mayiyu tinakhala miyezi yambiri opanda namwino, amayi oyembekezera akukwezedwa pangolo. Tsiku lomwelo ndinagula kope latsopano, ndinajambula mizere ndi rula, n'kuyamba kukhala pachipatala kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Alamu ikalira ndinkalemba tsiku, nthawi, ngati firiji inatsegulidwa kapena ayi, ndi mmene kunja kunalili. Mkazi wanga anati ndapeza ntchito ina yopanda malipiro.

Nditalemba kalata yoyamba anatumiza mmisiri. Anali bambo wa imvi zochepa, wa ku Ekwendeni, wokonda nthabwala, wonyamula chikwama cha zida chothothoka zipi. Anafika m'mawa. Anatulutsa sensa ya m'firiji, kachitsulo kangati chala kolumikizidwa ndi waya ku kabokosi kaja, n'kuiviika m'kapu ya madzi osakaniza ndi ayezi wophwanya. Nambala inatsika mpaka pa ziro, monga ziyenera kukhalira. Kenako anaifumbata m'dzanja. Nambala inakwera, ndipo patapita kanthawi kabelu kanalira. Anayeza batire, anakoka waya aliyense kuona ngati walimba, anayang'ana labala ya chitseko cha firiji.

"Adada, makina agha ghali makora chomene," anatero m'Chitumbuka, kunena kuti makinawo ali bwino kwambiri, uku akupukuta manja. "Athanzi kuposa ine ndi inu."

Anachoka isanakwane 11 koloko, chifukwa galimoto inali ndi kwina kopita. Alamu inalira 2 koloko itangopitirira.

Ulendo wachiwiri zinali chimodzimodzi: m'mawa, kapu ya ayezi, zonse bwino. Lipoti lake linati makina alibe vuto, ndipo ku Boma anawerenga kuti vuto ndi munthu. Sindimuimba mlandu mmisiriyo. Anamutuma ndi pepala lonena kuti firiji ikutentha, ndipo iye anayeza firiji.

Ulendo wachitatu ndinamudikirira pageti ndi kope langa.

"Achimwene, werengani apa musanatsegule chikwama," ndinatero.

"Mwandikonzera mayeso, asambizgi?" anafunsa, kunditchula mphunzitsi m'Chitumbuka.

"Werengani basi."

Anatsatira mzere wa nthawi ndi chala. Kulira konse kunali pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko masana. M'mawa, ayi. Masiku a mitambo, ayi. Ndipo kangapo konse inalira firiji isanatsegulidwe kuyambira m'mawa, ine ndili pomwepo. Anasiya kuseka. Anapita kwa dalaivala n'kumuuza kuti azipita, iye adzakwera matola.

Tinadya chinangwa chophika chimene namwino anatitumizira, n'kukhala m'chipinda cha firiji tonse awiri, ngati anthu odikira basi. M'menemo ndi pamene anandiuza kuti kabokosiko kali ndi masensa awiri. Ina ndi ya m'firiji. Ina imayeza kutentha kwa chipinda, kuti firiji isagwire ntchito m'malo otentha mopitirira. Anandilozera kanthu koyera kangati bokosi la machesi, kokhomedwa pamwamba pakhoma. Manambala awiriwa amasinthanasinthana pagalasi, koma belu ndi limodzi, getsi ndi limodzi, ndipo uthenga wopita ku Boma ndi umodzi. Namwino anali asanauzidwepo zimenezi. Amene anaphunzitsidwa makinawa atangofika anali namwino wakale, ndipo kabuku kake kanapita ndi katundu wake.

"Ya chipindayi ndinkaiona m'mawa, ili bwinobwino," anatero mmisiri. "Tiyeni tione masana."

Itangopitirira 2 koloko, dzuwa linalowa pazenera lakumadzulo. Linayamba pansi, n'kumayenda, kenako kuwala kobwerera kuchokera pamalata a thanki ya madzi panja kunagwera pakhoma, ndendende pa kanthu koyera kaja. Tinaona nambala ikukwera pang'onopang'ono. Kabelu kanalira. Namwino analowa akuthamanga monga mwa masiku onse, jakisoni ali m'manja.

"Amama, lekani, musadine," anatero mmisiri. Anavula chipewa chake, anakwera pampando n'kuphimba sensa ija. Tinadikira. Nambala inayamba kutsika, ndipo kabelu kanasiya kokha. Ya m'firiji inali isanasunthe n'komwe.

Namwino anakhala pampando umene mmisiri anatsikapo, n'kugwira pakamwa.

"Mbwenu ndi zimenezo," anatero mmisiri. "Koma chondidabwitsa n'chakuti makinawa akhala pano nthawi yaitali. Dzuwa silinayambe chaka chino. Zenera ili linali ndi katani kale, kapena mthunzi?"

Ine ndinayang'ana pazenera ndipo ndinaona chitsa.

Panali mtengo wa paini pamenepo, wamkulu, wochokera ku mbande za ku Chikangawa zimene anabzala anthu akale. Amayi obwera kusikelo ankakhala pansi pafumbi chifukwa chosowa mabenchi. Pamsonkhano wa komiti m'nyengo yozizira, wina anati tidule painiyo ticheke matabwa. Wina ameneyo ndinali ine. Ndinalankhula bwino kwambiri tsikulo, onse anawomba m'manja. Benchi imene tinakhalapo pamene namwino ankandionetsa kalata yake yochenjeza inali ya mtengo womwewo.

Nditafika kunyumba ndinatsegula fayilo ya misonkhano, ndikuyembekeza pang'ono kuti mwina ndakumbukira molakwa. Ayi. Mfundoyo ilipo, yolembedwa ndi dzanja langa, dzina langa lili pa wopereka ganizo, siginecha yanga ili pansi. Ndinakhala nayo pamwendo nthawi yaitali. Mkazi wanga anafunsa ngati pepala limenelo silingasowe, poti mapepala ena amadyedwa ndi chiswe. Ndinamuuza kuti m'nyumba muno chiswe sichinadyepo pepala.

Mawa lake ndinapita kukapepesa kwa namwino. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka koyamba m'masabata ambiri.

"Abambo, mabenchiwo ndi abwino. Amayi sakukhalanso pafumbi. Kungoti munditulutsire kalata ija m'fayilo yanga."

Mmisiri anasamutsira sensa kukhoma la mthunzi, anayesanso zonse ziwiri, anaphunzitsa namwino kusiyanitsa manambala, n'kulemba lipoti lomveka bwino. Kope lake ndili nalo. Komiti inasoka katani, ndipo tabzala mitengo iwiri pafupi ndi chitsa, ngakhale ine mthunzi wake mwina sindidzauona. Kuyambira tsiku limenelo alamu sinalirenso popanda chifukwa.

Koma kalata yochenjeza ikadali m'fayilo ya namwino. Anafunsa, anamuuza kuti nkhaniyo ikuonedwa. Tsopano wamva kuti dzina lake lili pakati pa oti asamutsidwe. Makina anayezedwa katatu ndipo anapezeka osalakwa. Munthu amene analemba tchati chake mosaphonya sanaitanidwe n'kamodzi komwe kuti afotokoze mbali yake. Izi n'zimene zimandiwawa.

Choncho, kwa akuluakulu amene nkhaniyi ili m'manja mwawo, ine mlembi wa komiti ndikupempha mwaulemu zinthu izi: kuti kalata yochenjeza ichotsedwe m'fayilo ya namwino wathu, kuti dzina lake lichoke pa mndandanda wa osamutsidwa, ndiponso kuti ngati pafunika wina wolakwa, muwerenge mfundo za msonkhano zimene ndamata kumbuyo, pamene pali siginecha yanga. Ndikupempha kuti yankho libwere lolembedwa, lodindidwa, ndipo kope limodzi lipite kwa namwinoyo.