Thumba Lachisanu la Tomato

Anansi anga, mayi ochapa zovala za anthu, amalima tomato m'matumba asanu kuseri kwa chipinda chawo. Pampope pathu madzi amabwera kawiri pa sabata, ndiye amathirira ndi otsukuluzira zovala. Mbewuyo anawasiyira malemu amayi awo, ndipo chaka chino anafesa yonse.

Lolemba anafunsa mpongozi wawo watsopano, "Mwana wanga, ndowa ya mankhwala oyeretsera malaya ija ili kuti?"

"Ndathirira tomato, amayi. Si mmene mumachitira?"

Sanakalipe. Anakhuthulira m'matumbamo madzi awo akumwa, nanenso ndinapereka anga. Matumba anayi anauma ndithu. Thumba lachisanulo latsala ndi masamba awiri obiriwira. M'mawa uliwonse timapemphera titaima pomwepo, anansi angawo akuopa ngakhale kukhudza masambawo.