Chigongono cha a Kalipentala Chili pa Tchuthi

A kalipentala a kuseri kwa msika amalankhula ndi chigongono chawo ngati wantchito wovuta. M'mawa uliwonse amachipaka mankhwala otentha, n'kuchifunsa, "Lero ugwira, kapena tiyambe takambirana?" Amati cha kumanja n'chamwano, cha kumanzere n'chofatsa koma ntchito sichiidziwa.

Mwezi wathawu adokotala anawalamula kuti cha kumanjacho achipumitse. Anachimangirira pachifuwa ndi mpango wa akazi awo, n'kulengeza kuti chapita ku tchuthi. Poti mwini wa zitseko zimene ankapanga ankazifuna msanga, hamala anapatsa mkamwini wawo, iwo n'kukhala pa benchi kuyang'anira.

Mkamwini anakhoma msomali, unapindika. Madala anabuula. Anakhoma wina, unang'amba thabwa. Madala anagwira chigongono, thukuta lili kamukamu.

"Bambo, akukhoma ndi akamwini, nanga inu chikukupwetekani n'chiyani?" anafunsa akazi awo.

"Chikuona, mayi. Chili ndi maso ichi."

Anachiphimba ndi chipewa, koma phokoso chinkalimvabe. Mapeto ake anamasula mpango uja, n'kulanda hamala.

"Tchuthi chatha," anachiuza chigongonocho. "Bola uzindipweteka misomali ikulowa mowongoka."