Swichi ya aPhiri

Lero mwana wanga wandikalipira posiya getsi likuyaka masana, ndiye ndakumbuka inu malemu aPhiri, aphunzitsi athu a sayansi kusukulu ku Mambo. Mu 2008 magetsi ankasowa masiku angapo, inu n'kumatiphunzitsabe kuti, "Zimitsani maswichi, utsi wa malasha opangira magetsi ukuwononga dziko." Tonse tinkasiya swichi yoyatsa kuti babu litiuze magetsi akabwera. Inu ayi.

Loweruka lina magetsi anabwera masana. Mzere wonse wa nyumba zathu tinaphika, tinasita. Ndinakupezani kuseri kwa nyumba mukuuzira nkhuni zaziwisi, utsi uli tolo, misozi chuchuchu. Nditati, "Ticha, magetsi adzoka, abwera kalekale!" munandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, usakanene kukalasi."

Zaka zonsezi ndinasunga pakamwa. Lero ndanena, pepani ticha. Gonani bwino, getsi lija ndazimitsa.