Nkhondo ya Sopo pa Kabala ka a Phyllis

Che Asumani sanalaweko mowa chibadwire, koma moyo wawo wonse anaudyera pa mowa. Anzawo a ku mzikiti akawafunsa, ankayankha kuti choletsedwa n'kumwa, osati kukhala pafupi ndi akumwa. A shehe analankhula mpaka malovu kuuma, kenako anangowaleka.

Anabadwira kumunsi kwa phiri la Chiradzulu, mwana wa telala. Bambo awo atawayesa pa makina, iwo anasokera mkono wa malaya pakhosi. Atawatumiza ku esiteti ya fodya, anabwerako ndi nyimbo yonyoza kapitawo komanso mikwingwirima kumsana. Chimene manja awo anavomera ndi bangwe basi: kathabwa ka mlombwa, nsambo za waya, kunsonga kwake debe la palafini lokuzira mawu.

Malo awo anali pa kabala ka a Phyllis, pamphambano ya njira yopita ku Nguludi. Ndikati kabala musaganize zazikulu: nyumba ya udzu, mpanda wa mapesi, mbiya za masese pakona, ndi kampando kamodzi pakhonde. Kampandoko kanali ka woimba. A Phyllis, mayi wamasiye wa pakamwa ngati lumo, anali ndi lamulo limene ngakhale agalu a pamenepo ankalidziwa. Woimba amakhala mmodzi. Munthu akagula chikho cha mowa n'kuchiika pamapazi pa woimbayo, nyimbo imene watchula iimbidwe. Woimba akalephera kapena kukana, adzuke, mpando si wakenso. Che Asumani sanalepherepo. Zikho zawozo ankamwetsa aliyense amene wawaseketsa, ndiye abwenzi anali nawo ngati ntchentche pa mango, ndipo a Phyllis ankawapatsa nandolo, nthawi zina nkhuku.

Nkhondo yaikulu ija itatha, asilikali akubwerera kwawo, kunatulukira Benedicto. Anali mnyamata wa chifuwa chotambalala, wovala majombo ngakhale dzuwa likuswa mtengo, gitala kumsana. Anali atangolowa chikamwini m'mudzi wa pafupi, ndipo apongozi ake ankayenda motukula mapewa poti mwana wawo wakwatiwa ndi munthu amene anathamangitsa adani m'nkhalango za ku Burma. Nkhani zake zinkakula Loweruka lililonse. Adani amene anawapha mwezi wa fumbi anali atabereka ana pofika nthawi ya dzinja.

Benedicto anaufuna mpando uja. A Phyllis anamuuza kuti mpando uli ndi mwini wake, adikire maliro. Iye sanadikire. Tsiku lina masana, Che Asumani atazungulira kuseri kwa mpanda kukaswali, monga amapempherera Asilamu, mnyamatayu anatenga kampeni n'kudula nsambo imodzi ya bangwe. Ena amati ankangofuna kuti nyimbo izimveka yopunduka, anthu aseke. Koma wa gitala sadziwa za bangwe. Nsambo za bangwe zimaoneka zambiri pomwe ndi waya mmodzi wopita uku n'kubwerera. Ukadula pamodzi, wapha zonse. Che Asumani pobwera anapeza waya ali lende ngati matumbo a nkhuku, ndipo pamapazi pa mpando pali kale chikho. Wogula anali Benedicto yemweyo, akupempha mwaulemu nyimbo iliyonse imene akulu angakonde.

A Phyllis anadziwa bwinobwino chimene chachitika, koma lamulo linali lawo lomwe, ndiponso gitala ankakoka anthu. Anangoyang'ana m'mbiya. Che Asumani anadzuka, anapana bangwe wawo m'khwapa, natsanzika aliyense pomutchula dzina. Abwenzi a zikho aja palibe anawaperekeza. Mpando unakhala wa Benedicto.

Waya masiku amenewo anali wosowa kuposa mchere. Anamufunafuna ku Mikolongwe osamupeza, mpaka anakafika ku Milepa kwa Ignasio, msilikali wakale wotsimphina amene ankakonza njinga. Atamva dzina la Benedicto, Ignasio anaseka mpaka sipanala kugwa. Anati iye ku Burma anapitadi, mwendo wake ndi mboni, koma Benedicto anamusiya ku kampu ya ku Kenya akuchapa zovala za asajeni, ndipo pobwerera anamupeza pa mwala womwewo. Nyanja yaikulu sanaiwoloke. Majombo aja anali mphatso ya kuchapa bwino.

Che Asumani anabwerako ndi waya ndi nyimbo. Ku kabala sanapite. Anakakhala pa dooko, pamene amayi amachapira, n'kumaimba chapansipansi ngati akungoyesa nsambo:

Benedicto, nkhondo yako ndi ya sopo,
anzako mfuti paphewa,
iwe kabudula wa sajeni pamwala.
Thovu, thovu, wapha angati lero?

Nyimbo ikalowa pa dooko, mawa lake ili pamtondo, ndipo ya pamtondo siifa. Posakhalitsa ana oweta mbuzi ankaiimba ndi mluzu. Amuna a pa kabala ankaing'ung'udza Benedicto akatembenuka, koma woika chikho panalibe, poti zibakera za mnyamatayo zinali zenizeni, ngakhale nkhondo yake inali yabodza.

Che Asumani anadikira. Anali munthu wodziwa kudikira ngati ng'ona. Anasankha Loweruka limene apongozi a Benedicto anabweretsa chimera kwa a Phyllis, ataima pakhomo la mpanda ndi lichero lawo, akumvera mkamwini wawo chapatali monga mwa ulemu. Pamenepo ndi pomwe Che Asumani analowa, atavala mkanjo woyera, n'kupempha chikho chachikulu.

"Che Asumani, mwatembenuka liti?" anafunsa a Phyllis.

"Sindikumwa ine, mayi. Ndikugulira mwana wathu woimbayu, wauma kukhosi."

Anachinyamula ndi manja awiri, motalikitsa ndi mkanjo, nachiika pakati pa majombo aja. "A msilikali, tatiimbireni ija ya sopo."

Benedicto anati saidziwa.

"Tikuphunzitsani, achimwene, ndi yaifupi," anatero mayi wina kuseri kwa mpanda.

Mnyamatayo anayang'ana a Phyllis. Iwo anati lamulo analidziwa yekha tsiku lija la kampeni, asaliiwale lero. Ndiye panali njira ziwiri: aimbe manyazi ake pamaso pa apongozi, mpando ukhale wake, kapena adzuke. Anayesa, tisamunamizire. Anakhudza nsambo, natchula dzina lake lomwe, koma pofika pa kabudula mawu anakana kutuluka. Anthu anamalizitsa okha, akuwomba m'manja, ena akupikicha malaya awo m'mwamba ngati akuchapa. Apongozi anaphimba kumaso ndi lichero. Benedicto anadzuka, ndipo Che Asumani anapukuta kampando ndi kansalu, pang'onopang'ono, asanakhalepo.

Munthu wina akanalekera pomwepo. Kunyumba apongozi anali atayamba kale ntchito yawo: m'mawa mwake Benedicto anapeza pakhomo mulu wa zovala za mudzi wonse, pamwamba pake kachidutswa ka sopo. Anapirira mpaka chimanga kucha, kenako anagulitsa gitala n'kulowera ku Halale, n'kusiya mkazi pamudzi.

Koma Che Asumani mtima wawo sunali wa munthu wina. Anakhala pampando paja mpaka tsitsi kuyera, ndipo chaka chilichonse nyimbo ija inkaphuka ndime yatsopano: ya masokosi, ya nsabwe za m'bulangete, ya simbi imene inapsereza malaya a sajeni. A Phyllis anawauzapo kuti zakwana, munthu anathawa kale, amusiye. Che Asumani anati waya wawo analira tsiku lija, ndipo sanamve wina akumupepesa.

Choncho mnyamata aliyense wa kuno wopita ku Halale kukafuna ntchito ankayamba waitanidwa pakhonde la a Phyllis. Che Asumani ankamupatsa chikho mwa zikho zawo, n'kumuphunzitsa nyimbo yonse, ndime ndi ndime, mpaka ataigwira. Potsanzikana ankamugwira dzanja mwachikondi.

"Ukafika, mwanawe, ufunse kumene kuli anthu akwathu. Uyimbe mokweza. Msilikali wathu uja ali ndi makutu abwino, adzaizindikira."